Mkamwini Wosungitsidwa

Mabel Nambewe anali asanakwanitse zaka khumi pamene bambo ake anamwalira, mvula ili pakati, chimanga chitangomasula. Bamboyo anali mkamwini m'mudzi wa amayi ake a Mabel, kuseri kwa phiri la Chongoni ku Dedza. Analima kumeneko zaka zambiri, anamanga nkhokwe, anadzala mango amene akubala mpaka lero. Koma atamwalira palibe anaganiza zowakumbira manda pamudzipo. Anawakweza pangolo, ulendo wa kwawo kutsidya kwa Linthipe. Mtsinje unali utadzaza. Amuna anatsitsa bokosi nalisenza pamapewa, madzi akulekeza m'chifuwa. Mabel anawoloka ali kumsana kwa mlongo wake wamkulu, Titus, ndipo ali pakati pa madzi anafunsa chifukwa chovutikira chotere pamene manda ali pafupi ndi nyumba.

"Aja ndi manda athu," anatero Titus. "Ababa ali ndi kwawo. Munthu amakagona kwawo."

Mawu amenewa Mabel anakula nawo, ndipo ukwati wake woyamba utatha anakwera nawo ndege kubwera ku Leicester, ku Britain. Anayamba ndi ntchito yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba, kenako analowa m'chipatala kuthandiza anamwino. Ankakhala ku Spinney Hill, m'nyumba zogundana zija zimene ukatsokomola mnzako wa kuseri kwa khoma amakufunsa m'mawa ngati wamwa mankhwala. Pakati pa Amalawi a ku Leicester, Loughborough mpaka Nottingham, ankadziwika ndi chinthu chimodzi. Mmalawi akamwalira, foni yoyamba inkapita kwa abale, yachiwiri kwa Nambewe. Ndiye ankadzutsa anthu, kuyendetsa nkhani ya mapepala, kutsogolera nyimbo, osapuma mpaka bokosi litakwera ndege ya ku Lilongwe. Ena ankamuseka kuti ndi mdzukulu wa maliro wa pa bwalo la ndege la Heathrow. Iye sankakwiya. Ankangoti dothi la kuno ndi lozizira, si logonekamo mwana wa eni.

A Clency anakumana nawo kuchipatala komweko. Anali bambo wamtali, wosayankhulayankhula, wokankha odwala pamipando ya mateyala. Ankati anachokera ku Mauritius, ndipo Mabel sanafunse zambiri. Tsiku lina anawaitana ku Misa yotsanzikana ndi mtsikana wina wa ku Balaka amene thupi lake linkanyamuka mawa lake. Amayi akuimba, bokosi likutuluka m'tchalitchi, Mabel anaona a Clency ataima pakhomo, misozi ili chuchuchu, chonsecho mtsikanayo sankamudziwa n'komwe.

"Akupita kuti?" anafunsa a Clency.

"Kwawo. Akagona pafupi ndi agogo ake."

"Basi? Mungomukweza ndege, akafika, n'kumuika?"

"Nanga pali china?" Mabel anawagwira mkono. "Musalire, bambo. Inunso tsiku lanu likadzafika ine ndili moyo, ndidzakutumizani kwanu. Ndalumbira pamaso pa Mulungu, pakhomo la tchalitchi pano."

Anayankhula monga Mmalawi aliyense akanayankhulira, poganiza kuti munthu aliyense ali ndi mudzi, mudziwo uli ndi manda, ndipo njira yopita kumandako ndi yotsegula.

Zoona zake anazimva patapita milungu, m'khichini mwa a Clency, iwo akupala kokonati. Ku Mauritius sikunali kwawo. Kwawo kunali kachilumba kotchedwa Diego Garcia, pakati pa nyanja yamchere, kamodzi mwa zilumba za Chagos. Dziko la Mauritius likuyandikira ufulu wodzilamulira, atsamunda a ku Britain anadula zilumbazo n'kuzisunga, kenako anachotsamo anthu onse kuti pamangidwe malo a asilikali. A Clency anali mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ankakumbukira fungo la m'sitima, galu wawo amene sanaloledwe kukwera, ndi amayi awo atakhala pa bokosi la zovala padoko la dziko lachilendo, osadziwa kolowera. Amayiwo sanakhalitse. Madokotala sanapeze matenda.

"Ndiye kwanuko kuli ndani tsopano?" Mabel anafunsa.

"Ndege za nkhondo. Ndi agogo anga, pansi."

"Munthu sangapiteko?"

"Wamoyo, mwina kwa tsiku, ataperekezedwa, akalimirire manda n'kubwerera. Wakufa, ayi."

Mabel anakumbukira lumbiro lake la pakhomo la tchalitchi. Akanatha kubweza mawu ake tsiku lomwelo, ndipo a Clency akanamvetsa. Koma anayang'ana manja awo ali pa kokonati paja, nati, "Ndinalumbira kale. Maboma amasintha."

Anakwatirana m'chilimwe chotsatira. Titus, amene tsopano anali mwinimbumba kumudzi, ananena pafoni kuti ukwati wopanda ankhoswe akuchimuna iye saudziwa. A Clency analibe m'bale pafupi. Amene anawaimira anali a Mehboob, mwini golosale ya pakona pa msewu wawo, mmwenye wobadwira ku Limbe amene anachoka ku Malawi ali mnyamata koma Chichewa osachitaya. Ndi m'golosale mwawo mmene Amalawi ankagula ufa ndi usipa wouma, ndipo a Clency ankapitamo Loweruka lililonse kukagwedeza makokonati pakhutu imodziimodzi asanasankhe.

"Msilamu kuimira Mkatolika kwa Achewa," anaseka a Mehboob. "Akadzakumenyani ndi mthiko, a Clency, musadzabwere kwa ine. Ndine nkhoswe ya masiku a mtendere okhaokha."

Zaka zinapita. A Clency anaphunzira Chichewa chochepa, ndipo mawu amene ankawakonda anali akuti kwathu. Ankadabwa kuti ngakhale munthu ali yekhayekha sanena kuti kwanga, amati kwathu, ngati kuti ali ndi anthu kumbuyo.

Impso zawo zinayamba kufooka chaka chomwe wailesi inalengeza kuti boma la Britain ndi la Mauritius ayamba kukambirana za zilumba zija. Kuyambira pamenepo zinthu ziwirizi zinayendera limodzi m'nyumba mwa Mabel: makina osefa magazi ndi zokambirana za akuluakulu. Iye, amene kale nkhani za maiko ankazizimitsa kuti amvere nyimbo, anasanduka wotchera khutu. Pabasi yopita ku shifiti, foni ili pakhutu. Popuma, foni ili m'manja. Anadziwa kuti nthumwi zakumananso, kuti zasiyana osamvana, kuti zikumananso mvula ikatha kumeneko. Chimene sankachimvetsa n'chakuti eni zilumba sankakhala nawo patebulo.

"Ukwati wanji umene ankhoswe amakambirana mkwati ali panja?" anafunsa tsiku lina m'golosale.

"Wa maboma, achemwali," anatero a Mehboob akumuyezera nyemba. "Mkwati amangomva ku wailesi kuti wakwatiwa."

Mu Okutobala wa 2024, masamba a mitengo ya m'paki ya Spinney Hill atafiira n'kuyamba kuyoyoka, kumudzi anthu akuyang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba, kunamveka kuti maboma awiri aja agwirizana: zilumba zibwerera. Mabel anathamanga kuchoka ku wodi yake kupita kumene a Clency anagona, machubu ali pamkono.

"Bambo, zatheka! Akubweza!"

"Zonse?"

"Akuti zilumba. Zilumba ndi zonse, si choncho?"

A Clency anatseka maso. "Dikirani asayine, Nambewe. Anthu awa ndinawaona ndili mwana."

Koma madzulo a tsikulo anadya bwino, ndipo anamufotokozera njira yochokera kugombe kupita kumanda: kudutsa tchalitchi chakale, kukhotera kumanzere pamene pali mtengo waukulu, agogo ali chakumapeto. Anamuuza kawiri kuti asadzasochere.

Nyengo yozizira inalowa. Dzuwa linkatuluka mochedwa n'kulowa anthu asanaweruke. Kusayina kuja kunkangosunthidwa. Uku kwasintha boma, uku akuti awonenso mawu ena, uku akudikira maganizo a eni ndege za nkhondo. A Clency miyendo inatupa, nsapato zinakana, kenako masitepe a m'nyumba anawakanika ndipo bedi linatsitsidwa pabalaza. Mabel ankawasambitsa m'mawa asanapite kukasambitsa ena. Ankapemphera pemphero limene ankachita nalo manyazi: osati kuti amuna ake achire, poti madokotala anali atanena kale, koma kuti anthu a masuti aja afulumire kuposa impso.

Anasayina mu Meyi, mitengo ya m'misewu itavala maluwa, kumudzi anthu ali kalikiliki kukolola. Mabel anamvera nkhaniyo ataima pa siteji ya basi. Anaimveranso. Kenako anapempha namwino wina wachitsikana kuti amuwerengere pang'onopang'ono, mwina Chingerezi chamupita. Sichinamupite. Zilumba zinali kubwerera, inde, ndipo anthu akhoza kudzaloledwa kukakhala pa zina. Koma chilumba chachikulu, cha a Clency, chinali kukhalabe m'manja mwa asilikali kwa zaka 99.

Atafika kunyumba anapeza wailesi ili chiyankhulire, a Clency atayang'ana kukhoma.

"Mwamva," anatero Mabel.

"Ndamva."

Mabel anakhala m'mphepete mwa bedi. Anayesa njira zonse zimene anaziganiza pabasi. Manda a kuno ku Leicester ndi osamalidwa, iye azidzabwera ndi maluwa Lamulungu lililonse.

"M'dothi la anthu amene anatikweza sitima? Ayi."

Nanga ku Mauritius, kumene kuli amayi awo?

"Amayi anafa akupempha kuti awachotseko. Mukufuna tikhale awiri olira?"

Panali njira ina imene namwino uja anaitchula, yowotcha thupi n'kukawaza phulusa panyanja. Mabel anaibweretsa mpaka pamilomo koma inakana kutuluka. Munthu si zinyalala za m'munda.

"Munalumbira, Nambewe," anatero a Clency, mawu ali pansipansi. "Sindinakupempheni. Munanena nokha, pakhomo la tchalitchi. Ndakhala zaka zonsezi ndikugona tulo chifukwa cha mawu amenewo."

Mabel anatuluka panja, naima pakati pa zingwe zoyanikira zovala, nalira motsekera pakamwa kuti a nyumba yoyandikana asamve. Anali atatumiza kwawo anthu ambirimbiri, ena osawadziwa n'komwe. Wake yekha ndiye analibe komutumiza.

Mawa lake anaimbira Titus. Anamupeza ali pamunda, mphepo ikuwomba mufoni, mapesi akuthetheka.

"Achimwene, alamu anu atsala pang'ono. Ndikupempha malo kumanda kwathu."

Titus anati, "Nambewe, mwaiwala Linthipe? Munali kumsana kwanga."

"Sindinaiwale."

"Ndiye mukundipempha chiyani? Mkamwini amapita kwawo. Ndikakanena kwa amfumu, adzukulu akandifunsa kuti abale ake atani, akana maliro? Walakwa chiyani munthuyu kuti kwawo amukane?"

"Sanamukane. Kwawo kulibe anthu. Kuli asilikali."

"Asilikali alibe mtima? Apempheni. Maliro ndi maliro."

"Achimwene, maboma awiri akambirana zaka, alephera. Ine ndikapemphe ndani?"

"Ine za maboma sindizidziwa. Alamu ndimawakonda, anatitumizira njinga, koma manda aja si anga ndekha. Tikaika mlendo, ndiye kuti tamulanda kwa eni ake. Tsiku lina adzatifunsa."

Foni inaduka, mwina netiweki, mwina ayi.

Masiku otsatira Mabel anayenda ngati munthu wosenza mtsuko wodzadza pamutu. Kuntchito anaiwala kumene waika magolovesi. A Clency anasiya kudya, ankangonyowetsa milomo. Namwino woyendera odwala m'makomo anamukokera Mabel pakhonde n'kumuuza kuti ngati pali oti aitanidwe, aitanidwe.

Loweruka Mabel anapita kugolosale kukagula kokonati, poganiza kuti mwina madzi ake alowa. Anayesa kugwedeza pakhutu monga ankachitira a Clency, koma sankadziwa chimene akumvera. A Mehboob anamulanda, nasankha okha. Powerama kuti atenge jumbo anapunthwa pa sutikesi yakuda imene inali kuseri kwa kauntala.

"Chisutikesi ichi chidzandipha," anadandaula akusisita bondo.

"N'cha ndani?"

"Mnyamata wina wa ku Mzimba. Anati, amwenye, ndisungireni, ndikubwera Lachisanu. Ana anga anali kusukulu nthawi imeneyo, pano ali ndi ana awo."

"Bwanji osachitaya?"

"Ndingataye bwanji? Si changa. Kutsegula sindingatsegule, kugulitsa sindingagulitse. Munthu anasungitsa."

Mabel anaima, kokonati ili m'manja. Kunja basi inadutsa, magalasi a golosale ananjenjemera.

"A Mehboob," anatero, "paja munati ndinu nkhoswe ya mtendere wokhawokha?"

"Ndinkacheza, achemwali."

"Tsekani golosale. Ntchito yanu yakwana."

Mabel anayamba ndi mwini nkhani, a Clency. Anagwada pambali pa bedi, nawathira madzi a kokonati pamilomo ndi supuni.

"Bambo, kwanu sindingathe kukufikitsani. Ndinalumbira chinthu chimene sindinkachidziwa kukula kwake. Koma sindikusiyani kuno. Ndikufuna ndikakusungitseni kwathu, mpaka njira ya kwanu idzatseguke."

A Clency sankawadziwa mawuwo. A Mehboob, ataima pakhomo chipewa chili m'manja, anawafotokozera za sutikesi ija.

"Ndiye ndikhale katundu," anatero a Clency, ndipo pakamwa pawo panaoneka kanthu konga kumwetulira. "Kwanuko nyanja ilipo?"

"Kulibe. Kuli phiri, nsungwi, ndi mphepo yozizira mwezi uno."

"Ili mbali iti?"

"Kotulukira dzuwa. Kutali."

A Clency anatseka maso mpaka Mabel anaganiza kuti agona. Kenako anati, "Asadzathire simenti pamwamba."

A Mehboob anakhala pampando, navala chipewa, naimba foni. Anayamba monga mwa mwambo, kufunsa za kumudzi, za zokolola, za chifuwa cha akazi a Titus. Titus anayankha zonse mosamala, podziwa kuti nkhoswe siimba foni kufunsa za chimanga.

"A Mbewe," anatero a Mehboob, "ine ndine wakuchimuna. Mawu anu ndawamva, ndipo ndi oona. Munthu wathu ali ndi kwawo, sitikukana, ndipo manda anu sitikupempha. Ife kwathu kwatsekedwa. Tabwera kudzasungitsa."

"Kusungitsa?"

"Monga mbewu nkhokwe ikapsa. Mwini wake ndi ife. Inu mungotisungira. Osamanga chiliza, osathira simenti. Tikadzabwera, mudzatipatse."

Kumbali ya Titus kunamveka tambala, kenako mwana akuitana mbuzi.

"Zosungitsa sizikanidwa," anatero Titus pang'onopang'ono, ngati akuyeza mawuwo kuti akawanene bwanji kwa amfumu. "Pamenepo sitinalande munthu. Adzukulu akhoza kumva. Koma wosungitsa amanena tsiku. Mudzabwera liti?"

A Mehboob anayang'ana Mabel. Mabel anatenga foni.

"Akuti zaka 99, achimwene."

"Zingati?"

Anabwerezanso.

"Iwe Mabel," anatero Titus. Anali asanamutchule choncho chichokereni ku Malawi. "Ine kulibe, iwe kulibe, amwenyewo kulibe. Adzabwere ndani?"

Mabel anawerenga mumtima amene angadzabwere. Iye ndi a Clency analibe mwana. Abale a amuna ake anali omwazikana m'maiko atatu, ambiri osadziwana. Ngakhale zaka zimenezo zitatha, ndani akudziwa chimene anthu a masuti adzasayine tsiku limenelo?

"Sindikudziwa," anatero. "Sindikudziwa, achimwene. Ndikungopempha."

Pamene Titus anayankhulanso, mawu ake anali a munthu amene wayamba kale kuganiza za makasu.

"Tidzawaika kumapeto, chakunjira, kuti odzatenga asadzapondeponde anzawo. Ndikawauza amfumu madzulo ano. Ana ndiwauza kuti apa si pathu, ndi pa alendo, ndipo iwo adzauze awo. Dzina la chilumbacho unditumizire, ndiliphunzire kutchula. Munthu akadzafika n'kulitchula, adzamulozere."

Foni itatha, a Mehboob anatuluka mwakachetechete kukatsegula golosale. Mabel anakhalanso m'mphepete mwa bedi. Pawindo, maluwa a mtengo wa pamsewu anali atayamba kugwa, akuunjikana m'ngalande.

"Avomera?" anafunsa a Clency, maso ali chitsekere.

"Avomera kusunga."

"Ndiye munditengera kwanu."

"Kwathu," anatero Mabel. "Mongodikira."

"Njira ija mukuikumbukira?"

"Kudutsa tchalitchi chakale, kukhotera kumanzere pa mtengo waukulu. Agogo ali chakumapeto."

"Mukawauze ana a Titus. Kawiri."

A Clency anamwalira Juni ali pakati. Foni yachiwiri sinaimbidwe, poti Nambewe anali pomwepo. Anayendetsa mapepala yekha, anatsogolera nyimbo yekha, ndipo ulendo uno anakwera ndege yomweyo. Ku Dedza kunali mphepo ndi nkhungu, minda ili mapesi okhaokha. Adzukulu anakumba kumapeto, chakunjira. Atatha kukwirira, Mabel anaitana zidzukulu za Titus, naziimika pamzere pambali pa mtumbira, nayamba kuziphunzitsa njira yochokera kugombe la nyanja imene sizinaionepo. Kamtsikana kena kanasokoneza kumanzere ndi kumanja. Mabel anapukuta m'maso ndi chitenje, nayambiranso.